Mlendo ndi Kalumo Kake: Mbiri ya Amene Akhala Akutisankhira Mabuku

Buku lomaliza limene mwawerenga mpaka tsamba lotsiriza, adakuuzani za ilo ndani? Ndikunena buku lomwe simudaliwerenge chifukwa cha mayeso. Ndakhala ndikufunsa anzanga funso limeneli ndipo mayankho awo amapita kumodzi. Wina akuti adaliona m'manja mwa mayi wina m'basi ya ku Lilongwe, n'kuloweza mutu wake. Wina akuti mtsikana wa pa TikTok, amene sadziwa n'komwe dziko lomwe amakhala, ankalira atalikumbatira. Wina adalitola pa mulu wa venda chifukwa mwini wake woyamba adalembalemba m'mbali mwa masamba, ndiye adaganiza kuti muli kanthu. Amene amatchula bambo, mayi kapena aphunzitsi ndi ochepa. Ambirife timawerenga chifukwa cha mawu a munthu amene sitidzamudziwa.

Ena amaona ngati zimenezi zabwera ndi mafoni. Ine ndikuti ayi, nkhaniyi ndi yakale kuposa agogo athu.

Ndikulemba ndili pa Biriwiri, m'boma la Ntcheu, m'mbali mwa msewu wa M1. Kuchoka pano kulowera ku Lizulu mpaka kufupi ndi Dedza, msewuwu umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique. Pali malo ambiri oti ukatsika minibasi uli m'Malawi, ukangowoloka tala uli m'chigawo cha Tete. Anthu a kuno ndife akatswiri pofunsa komwe katundu wachokera. Mayi wogula kachewere amafunsa ngati ndi wa ku Tsangano, amafunsa tsiku lomwe adakumbidwa, amakanda khungu ndi chikhadabo. Koma buku likafika m'manja mwathu sitifunsa njira yomwe ladzera. Timangoti "ndasankha ili." Chonsecho lisanatipeze limakhala litasankhidwa kale kangapo ndi anthu ena, akutali, osaoneka. Mbiri ya kuwerenga m'dziko muno ndi mbiri ya alendo amenewo.

Akuluakulu adati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndi zoona. Kungoti kalumo kamameta bwino, komanso kamatema.

Mlendo woyamba adabwera ndi sileti

Ntcheu ndi limodzi mwa maboma amene amishoni adadzazana msanga. Ansembe a Montfort adatsegula mishoni yawo yoyamba m'dziko muno pa Nzama m'chaka cha 1901. A mpingo wa Dutch, amene adayambira ku Mvera mu 1889, adafika pa Mlanda, kufupi ndi Lizulu, mu 1902. Kudalinso mamishoni ena ku Gowa, ku Dombole ndi ku Ntonda. Aliyense adabwera ndi sukulu yake, ndipo sukulu iliyonse idali ndi mabuku ake.

Taganizirani mnyamata wa pa Biriwiri amene waphunzira kuwerenga m'masiku amenewo. Funso loti "ndiwerenge chiyani tsopano" lidali ndi mayankho owerengeka ndi zala za dzanja limodzi: kabuku kophunzirira zilembo, katekisimu, buku la nyimbo, zigawo za Malembo, mwina ndi Ulendo wa Mkhristu, lomwe ndi buku la John Bunyan lomasuliridwa m'chinenero chathu. Ndipo chimene ankawerenga chinkadalira mishoni yomwe ili pafupi ndi mudzi wake. Wa ku Nzama ndi wa ku Mlanda, ana a fuko limodzi, ankakula ndi mabuku osiyana chifukwa alendo awiri, wina wolankhula Chifalansa wina wochokera ku South Africa, sankagwirizana za njira ya kumwamba.

Buku Lopatulika lathunthu lidatuluka mu 1922, ntchito yomwe adaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch mothandizana ndi aphunzitsi a kuno. Chaka chomwecho boma la Apwitikizi lidatseka mamishoni a Dutch kutsidyaku, m'dera la Angoniya, ndipo Akhristu a kumeneko adayamba kuwoloka malire kudzapemphera ku Mlanda. Nkhani imeneyi imandigwira mtima. Boma lina lidafuna kuti anthu ake asamve mawu a alendo ena, koma malire a kuno ndi mzere wa pa pepala chabe. Anthu olankhula chinenero chimodzi ankangodutsa m'minda, n'kukamva buku lomwelo likuwerengedwa tsidya lino.

Padali njira inanso yomwe amishoni sankailamulira: positi ndi katundu wa matchona. Mu 1908 Eliot Kamwana adabwerera kwawo ku Nkhata Bay kuchokera ku Cape Town, komwe Joseph Booth adamudziwitsa mabuku a Charles Taze Russell wa ku Pennsylvania, ku America. Mabukuwo ankaloza chaka cha 1914 ngati mapeto a maufumu a dziko lapansi. Kwa anthu otopa ndi msonkho wa atsamunda, uthengawo udali wozuna. M'miyezi yochepa Kamwana adabatiza anthu zikwizikwi, ndipo mu 1909 boma lidamuchotsa m'derali. Russell sadapondepo m'Nyasaland, ngakhale nyanja yathu sadaione. Koma mabuku ake adagwedeza midzi. Apa m'pamene atsamunda adaphunzira kuti munthu wodziwa kuwerenga samangowerenga zomwe wamupatsa iwe.

Oweruza a ku London ndi mwana wa Fomu 4

Ngati mudalemba mayeso a MSCE m'zaka zapitazi, mwina mudakumana ndi Nthondo. Kodi mudafunsapo kuti bukuli lidafika bwanji pa desiki yanu?

Samuel Josia Ntara adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Bungwe lina la ku London, International Institute of African Languages and Cultures, lidayambitsa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Africa. Ntara adalemba mbiri ya munthu wopeka, kuyambira kubadwa kwake, usinkhu wake wa kuba ndi kusamvera, ulendo wake wokafuna ntchito kunja, mpaka kulowa ufumu ndi kutembenuka mtima. Adapambana. Bukulo lidasindikizidwa mu 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa, mawu oyamba atalemba Julian Huxley, katswiri wa sayansi wa ku Britain.

Ndiye taonani unyolo wake. Anthu amene sadadyepo nsima pa Nkhoma adati bukuli ndi labwino. Amishoni adalikonda chifukwa mathero ake ndi a kutchalitchi. Masukulu adalitenga. Patatha zaka zoposa 80, mtsikana wa pa sekondale yoyendera kuno ku Ntcheu akuliwerenga ndi tochi ya foni. Sindikunyoza Nthondo ayi, ndi buku lomwe lili ndi Chichewa chokoma ndipo limasunga miyambo yomwe ikadaiwalika. Ndikungofuna tione kuti "buku lathu lakale" lidakhala lathu chifukwa alendo adalivomereza. Ndipo funso limene limandisowetsa mtendere ndi ili: kodi padalibe mphunzitsi wina amene adali ndi nkhani yoti munthu wake sakutembenuka, yoti mfumu ikukana msonkho? Nkhani yotero ikadadutsa pa chipata chiti?

Mu 1948 maboma a atsamunda a Northern Rhodesia ndi Nyasaland adakhazikitsa bungwe limodzi losindikiza mabuku, likulu lake ku Lusaka. Mabuku ambiri a Chinyanja amene makolo athu adawerenga ku sukulu adadutsa m'maofesi oterowo. Ubwino wake udali wakuti mwana wa ku Chipata ndi mwana wa ku Ntcheu ankawerenga alembi amodzi. Koma wosankha adali yemwe uja: bwana wa mu ofesi amene ankafuna mabuku a malangizo, aukhondo, a ulimi, a khalidwe labwino. N'chifukwa chake mpaka lero ena amaganiza kuti buku la Chichewa liyenera kutha ndi phunziro ngati ulaliki.

Mlendo amene ankachotsa

Chaka cha 1968 chili ndi zinthu zitatu zomwe wokonda mabuku aliyense ayenera kudziwa. Bungwe la National Library Service lidayamba ntchito. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udalamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chinenero cha dziko, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi. Chachitatu, padakhazikitsidwa lamulo lomwe lidabala Censorship Board, bungwe lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Dzanja lina likutsegula layibulale, linzake likusankha zoti zisalowemo.

Mlendo wa mtundu uwu sankakuuza kuti werenga ichi. Ankangoonetsetsa kuti china usachione. Animal Farm ya George Orwell idaletsedwa. No Bride Price ya David Rubadiri, Mmalawi mnzathu amene adali kazembe woyamba wa dziko lino ku America ndi ku United Nations, idaletsedwa. Mabuku a Legson Kayira adasowa m'masitolo. Ndakatulo za Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, zidatuluka ku London mu 1981, koma mu 1985 zidachotsedwa m'masitolo, m'masukulu ndi m'malayibulale. Pa 25 September 1987 mwini wake adamangidwa, ndipo adakhala ku Mikuyu popanda mlandu mpaka May 1991.

Ife a ku Ntcheu tili ndi chitsanzo cha pakhomo. Albert Muwalo, mwana wa boma lino, adali mmodzi mwa anthu amphamvu kwambiri m'chipani, woopedwa ndi ambiri. Atagwa mu 1976, mlandu wake woukira boma udazengedwa ku khoti la makolo. Mwa umboni womwe khotilo lidalandira mudali makalata opanda maina a olemba, komanso mabuku amene adapezeka nawo. Adanyongedwa mu 1977. Sindikumuyeretsa munthuyo, ambiri adalira chifukwa cha iye. Koma onani nthawi yomwe makolo athu adadutsamo: mawu a munthu wosadziwika ankatha kukupha, ndipo shelefu yako ya mabuku inkatha kukuchitira umboni.

Tsono m'masiku otero, kuuza munthu amene sukumudziwa kuti "tawerengani ili" sichidali chinthu chamasewera. Aphunzitsi ena opuma amene ndimacheza nawo amati buku lokayikitsa ankalikuta ndi pepala la khaki, pamwamba n'kulemba kuti Geography. Ukalandira buku lotero unkadziwa kuti wokupatsayo waika ntchito yake, mwina ndi moyo wake, m'manja mwako. Sunkafunsanso ngati ndi labwino. Munthu saika khosi lake pa buku lozizira.

Chitsanzo chachikulu cha zimenezi ndi kalata ya maepiskopi a Katolika yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992. Idasindikizidwa ku Balaka, pafupi pomwepa. Boma litalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu, m'pamene aliyense adaifuna. Idayenda m'masokosi, m'madengu, pa makina a fotokope a m'maofesi, kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu, Akatolika ndi osakhala Akatolika omwe. Pa 14 June 1993 Amalawi adavotera zipani zambiri. M'mbiri yonse ya dziko lino sindidziwa cholembedwa china chomwe chidafalitsidwa ndi alendo okhaokha mwachangu chotero.

Buku lothaitha ndiye linali ndi nyenyezi zisanu

Tisaganize kuti zaka zimenezo anthu ankangowerenga mwamantha. Funsani azakhali anu amene adali ku sekondale m'ma 1980 za Pacesetters, muone nkhope yawo ikuwala. Timabuku timeneti kampani ya Macmillan idayamba kutulutsa mu 1977, tolembedwa ndi Aafirika, nkhani za chikondi, umbava ndi moyo wa m'tauni. Evbu My Love ya Helen Ovbiagele wa ku Nigeria idaliza atsikana ambiri. Mmalawi Dede Kamkondo adalinso m'gulumo ndi Truth Will Out. Pambali pake padali James Hadley Chase ndi Mills & Boon. Kwa okonda Chichewa, a Popular Publications ku Limbe adayambitsa Malawian Writers Series mu 1974, ndipo mabuku ngati Njala Bwana ya Willie Zingani ndi Mtima Sukhuta ya Jolly Max Ntaba adayenda m'manja ambiri.

Ankasankha bwanji? Azakhali anga amati njira idali yosavuta. Unkayang'ana buku lomwe latha kwambiri. Chikuto chong'ambika, masamba ofewa ngati nsalu yakale, msana womatidwa ndi selotepi: ameneyo ndiye mfumu. Buku loyera, lonunkhira fakitale, unkalikayikira. M'kati mwa chikuto nthawi zina munkakhala maina a amene adaliwerenga, ena a sukulu yakutali yomwe sudapiteko, chifukwa mabuku ankasinthana pa holide. Wina ankalemba kuti tsamba lakuti usawerenge usiku. Amenewo ndiwo adali ndemanga za alendo za nthawi imeneyo, ndipo kunama kudali kovuta. Kuti buku lithe chonchija pamafunika zala zenizeni za anthu enieni amene adafika kumapeto.

Tsidya la msewu

Nkhondo ya ku Mozambique, yomwe idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, idathamangitsira m'Malawi anthu oposa 1 miliyoni. Kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri adakhala m'midzi ya m'malire, pakati pa abale awo, ndipo Biriwiri ndi amodzi mwa malo amene adadzaza ndi othawa nkhondo. Amalume anga, amene adali mnyamata nthawi imeneyo, amasimba za mphunzitsi wina wa kutsidya amene adathawa ndi kachikwama ka mabuku m'malo mwa mapoto. Pobwerera kwawo nkhondo itatha adawasiyira kabuku kamodzi ka Chipwitikizi, n'kuwauza kuti tsiku lina adzapeze wowawerengera. Kadali Nós Matámos o Cão-Tinhoso ka Luís Bernardo Honwana, kotuluka mu 1964. Amalume adakasunga zaka zambiri osamva ngakhale chiganizo chimodzi. Adadzawerenga nkhanizo atakula, m'Chingerezi, atapeza kuti zidamasuliridwa kalekale mu African Writers Series.

Nkhani ya amalume imandifunsa funso lochititsa manyazi tonsefe a m'malire muno. Timagula mafuta ophikira, zitenje ndi sopo kutsidya. Timakwatirana. Maliro timayenderana. Koma ndi angati mwa ife amene adamvapo za Paulina Chiziane, mayi wa ku Mozambique amene adalandira mphoto ya Camões mu 2021, mphoto yaikulu kwambiri ya olemba m'Chipwitikizi? Buku lake Niketche, la mu 2002, ndi la mitala, nkhani yomwe mudzi uliwonse kuno ukuidziwa. Nanga Mia Couto? Buku lake Terra Sonâmbula, la mu 1992, limasimba za mnyamata ndi nkhalamba amene akuthawa nkhondo yomweyi, n'kubisala m'basi yopsa. Pafupi ndi mtembo wa munthu amene sakumudziwa akupeza makope olembedwa pamanja, ndipo mnyamatayo akumawerengera nkhalambayo usiku uliwonse. Buku lonse ndi la munthu wowerenga zolemba za mlendo. Lidamasuliridwa m'Chingerezi pa mutu wakuti Sleepwalking Land. Nkhondo yake ndi yomwe makolo athu ankamva mfuti zake ali m'nyumba zawo. Koma palibe amene adatiuza za bukuli, chifukwa alendo amene amatisankhira mabuku amalankhula Chingerezi, ndipo njira zawo zimachokera ku London ndi ku New York, osati ku Maputo.

Makatoni ochokera kutali

Ufulu wa 1994 udachotsa mantha, koma sudabweretse mabuku. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere chaka chimenecho, ana adachuluka kuchoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ambiri ophunzirira pansi pa mitengo. M'zaka zomwezo Malawi Book Service, kampani ya boma yomwe idali ndi masitolo a mabuku m'matauni, idagwa. Owerenga adachuluka pamene malo ogula mabuku ankachepa. Mpata umenewo adaudzaza mavenda a mabuku akale, ndi makatoni a mabuku opereka ochokera kunja.

Katoni yotero ndi mlendo weniweni. Munthu wina ku Britain kapena ku America akukonza m'nyumba mwake, akuika m'bokosi mabuku amene watopa nawo, osadziwa kuti akusankhira mwana wa kuno chowerenga. Nthawi zambiri mumatuluka zinthu zoti ungoseka, monga buku la kasamalidwe ka maluwa m'nyengo ya chipale. Koma nthawi zina kalumo kamakhala kakuthwadi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku kalayibulale ka pa pulayimale komwe kadali ndi mabuku ochokera ku America. Adatola lina lotchedwa Using Energy chifukwa cha chithunzi cha pa chikuto, makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chake chidali chochepa, ndiye ankatsatira zojambula. Adapanga makina ake ndi zitsulo zotayidwa ali ndi zaka 14. Nkhani yake idakhala buku mu 2009 ndi filimu mu 2019.

Zofanana ndi zimenezi zidamuchitikira Legson Kayira kale. Adanyamuka wapansi mu 1958 kufunafuna maphunziro, atanyamula Baibulo ndi buku la Bunyan lija. Ali ku Kampala adapeza m'layibulale buku la maina a makoleji a ku America, n'kulembera Skagit Valley College, ndipo adamulandira. Nkhani ziwirizi timazikonda chifukwa zimatha bwino. Koma tisaiwale kuti zonse zidadalira mwayi. Pa Kamkwamba mmodzi pali ana angati amene adatsegula katoni n'kupeza za maluwa a m'chipale, n'kuganiza kuti kuwerenga si kwawo?

Mlendo wa m'thumba

Tsopano mlendo tili naye m'thumba, amadya bandulo yathu. Goodreads, malo a pa intaneti pomwe owerenga amapereka nyenyezi ku mabuku, idayamba mu 2007, ndipo mu 2013 idagulidwa ndi Amazon, kampani yogulitsa mabuku omwewo. Pa TikTok, timakanema ta owerenga tidatenga It Ends with Us ya Colleen Hoover, yomwe idatuluka mu 2016, n'kuikweza pamwamba pa malonda patatha zaka zisanu. M'magulu athu a WhatsApp mumazungulira ma PDF omwe aja chaka ndi chaka: Rich Dad Poor Dad, The 48 Laws of Power, Think and Grow Rich, Atomic Habits. Mnyamata wa kabaza pano pa Biriwiri akhoza kukuuza za Robert Kiyosaki, koma za Chiziane wa tsidya la msewu sadamvepo.

Sindikudana ndi foni. Kunena zoona, palibe m'badwo wa Amalawi umene udakhalapo ndi mabuku ambiri pafupi ngati wathuwu. Ndipo pa Facebook pali achinyamata amene akulemba nkhani zopeka m'Chichewa, gawo ndi gawo, owerenga akudikirira usiku ngati mmene makolo ankadikirira sewero la pa wailesi. Zimenezo n'zamoyo, ndipo palibe bwana wa mu ofesi amene adazivomereza.

Vuto ndi lakuti makina amene amatisonyeza mabuku amawerenga manambala. Amakupatsa chomwe anthu ambiri adina, ndipo anthu ambiriwo sali kuno. Buku lomwe silili pa intaneti, kwa makinawo kulibe. Mabuku ambiri a Chichewa a m'ma 1960, 1970 ndi 1980 sasindikizidwanso. Atsala m'masutikesi a agogo ndi m'makabati a masukulu, komwe chiswe chikuwawerenga m'malo mwathu. Censorship Board inkafunika kulemba dzina la buku pa mndandanda kuti lisowe. Lero buku limasowa popanda wolilesa, kungoti palibe amene walitchula.

Komanso mlendo wa lero sataya kanthu. Mphunzitsi wa pepala la khaki ankaika ntchito yake pa ngozi. Mtsikana wa Pacesetters ankakubwereka buku lake lenileni, osadziwa ngati libwerera. Wa pa kanema uja mwina adalipidwa, mwina adangowerenga kuseri kwa chikuto, ndipo ukataya ndalama ndi masiku ako pa buku lopanda pake iye sadzamva n'komwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye timvere ndani?

Kukana alendo sikungatheke, ndipo sikungatithandize. Popanda iwo bwenzi tilibe Nthondo, bwenzi Kamkwamba sadaone chithunzi chija. Chomwe mbiriyi yandiphunzitsa ndi kufunsa mlendo mafunso omwe mayi uja amafunsa wogulitsa kachewere.

Loyamba: kodi waliwerenga mpaka kumapeto? Munthu amene wamaliza buku amalankhula za munthu wa m'nkhanimo ngati mnansi wake, amakuuza pomwe adakwiya ndi pomwe adatopa. Amene sadamalize amangoti "ndi moto" kapena "lisintha moyo wako."

Lachiwiri: apindula chiyani ndikaliwerenga? Mmishoni ankafuna mzimu wanga, bwana wa ku Lusaka ankafuna nzika yomvera, kampani ikufuna ndalama zanga. Si kuti zimenezi zimaipitsa buku, koma ndi bwino kudziwa.

Lachitatu, lomwe ndi lalikulu: ndi buku liti lomwe munthu ameneyu sangathe kundiuza, chifukwa sadziwa kuti liliko? Yankho la funso limeneli silili pa foni. Lili kwa aphunzitsi opuma a m'mudzi mwanu, kwa woyang'anira layibulale ya pa boma, kwa venda amene wakhala pa mulu wa mabuku zaka zambiri ndipo amadziwa lomwe anthu amabwerera kudzafunsa, kwa mlamu wanu wa kutsidya amene adaphunzira m'Chipwitikizi.

Ine kwa ambiri a inu ndine mlendonso, ndiye mundiyeze ndi mafunso omwewa. Mabuku atatu awa ndidawamaliza, ndipo palibe amene wandipatsa kanthu kuti ndiwatchule. Werenganinso Nthondo popanda kuganiza za mayeso, mudzadabwa kuti Ntara ankadziwa kuseketsa. Funafunani Sleepwalking Land, makamaka ngati kwanu ndi m'malire muno ndipo agogo anu adasungapo othawa nkhondo. Ndipo mukapita kumudzi, pemphani kiyi wa sutikesi ija. Mukapezamo Kukula ndi Mwambo ya John Gwengwe kapena buku lililonse la Chichewa lomwe masamba ake ayamba kufiira, likutumuleni fumbi, muliwerenge, mulijambule chikuto, muuze anthu amene simukuwadziwa chomwe mwapezamo. Mukatero mulibwereke kwa wina, ndipo m'kati mwa chikuto mulembemo dzina lanu ndi chaka, pansi pa maina amene mwawapezamo.